Mbuzi za Habiba Zibwerera Kwawo

"Ndiye mukuti alendowo adzadya chiyani, chigwada?" a Athumani anafunsa ataima pabwalo, manja ali m'chiuno.

"Adzadya chomwe timadya ife," mayi Mariamu anayankha osachotsa maso pa lichero la mpunga. "Chigwadacho chakulerani inu mpaka kumera imvi."

"Mayi a Habiba, taganizani bwino. Dona Célia, mkulu wa zamaphunziro, achoke ku Mandimba pa galimoto ya boma, abwere ndi wojambula zithunzi kudzaona ntchito ya bungwe lathu, ndiye ine wapampando ndiwaikire masamba a chinangwa? Pafunika mbuzi. Festa yopanda mbuzi ndi msonkhano chabe."

"Aphereni Bwana Mkubwa."

A Athumani anacheuka msanga kuyang'ana pansi pa mtengo wa mango, ngati akuopa kuti mwini dzina wamva. Bwana Mkubwa inali nkhosa yawo yamphongo, yonona mpaka mchira kukwawa pansi, yomwe ankaidyetsa gaga wa m'mbale ndi kuisambitsa ndi sopo Lachinayi lililonse. Ntchito inalibe. Inkangogona pamthunzi, odutsa n'kumaiyamikira, a Athumani n'kumalandira mayamikowo m'malo mwake.

"Mumalankhula zinthu zina ngati mulibe mtima," anatero motsitsa mawu. "Mbuzi zilipo. Za Habiba zadzaza khola kwa agogo a Ivo."

"Za Habiba ndi za ku Cuamba."

"Ku Cuamba, ku Cuamba! Mwanayu wamaliza sekondale yonse. M'mudzi muno ndi mkazi uti anafikapo pamenepo? Akawonjezera apa adzayamba kutipempha mchere m'Chipwitikizi. Ndipo sukulu yake ya chiyani? Ya ulimi! Munthu akwere chapa, minibasi ija, ulendo wonsewo kukaphunzira khasu lomwe lili kuseri kwa nyumbayi?"

Mayi Mariamu anaika lichero pansi.

"Nenani zonse, bambo a Habiba. Dzana Rajabo wa shuga uja anakhala nanu pakhonde mpaka mthunzi kusuntha. Sankakugulitsani shuga."

"Rajabo ndi mnyamata wabwino. Ali ndi njinga yamoto, ali ndi nyumba ya malata ku Mandimba, malire amawoloka ngati akupita kuseri kwa nyumba."

"Ndiye mbuzi ziwiri za festa, zotsalazo za ukwati."

"Ine sindinatero."

"Pakamwa sipanatero. Ndevu zanu ndi zomwe zatero. Mukamabisa nkhani mumazikoka."

A Athumani anachotsa dzanja pa ndevu.

Bungwe lomwe ankalikonzera festayo, phwando lolandirira alendowo, linkatchedwa Mbuzi ya Mwana, ndipo m'mudzi wa Namikoko, cha ku Mitande, linali lotchuka kuposa mjigo. Mwana akabadwa, kaya wa kumzikiti kaya wa kutchalitchi, bungwe linkamupatsa msoti wa mbuzi. Msotiwo uziswana mwana akukula: ina idzagule yunifolomu, ina makope, ina idzalipire pogona ku sekondale, mpaka mwanayo akafike kumene mutu wake ungamufikitse. Koma nzeru yeniyeni inali pa khola. Mbuzi ya mwana sinkasungidwa kwa makolo ake. Inkasungidwa kwa banja lina, banjalo za mwana wake n'kukasungitsa kwinanso, mudzi wonse n'kukolana ngati tcheni cha njinga. Ndipo mbuzi sinkatuluka m'khola pokhapokha mwana mwiniwake atabwera kudzaitenga, n'kunena ndi pakamwa pake chomwe ikukagula.

Lamulo limeneli analipeka ndi a Athumani, ndipo pamsonkhano uliwonse ankalifotokoza monyadira: kholo likamva njala limaiwala kuti mbuzi ndi ya mwana, koma ya mwana wa mnansi limachita nayo mantha. Woyamba kulandira msoti anali Habiba wawo. Zake zinkasungidwa kwa agogo Natália, mayi wamasiye yemwe anabwerera nawo pa lole imodzi kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. A Athumani nawo ankasunga za Ivo, mdzukulu wa agogowo. Popeka lamulolo a Athumani anaganizira makolo onse a m'mudzimo, kupatula mmodzi.

M'mawa mwake anavala kofiya yatsopano n'kupita kwa agogo Natália. Anawapeza akusenda chinangwa pamphasa.

"Lowani, a pulezidenti," agogowo anatero. "Mwabwera kudzayendera ana asukulu? Adya kale, ali kuseriko."

"Achemwali, ndabwera pa za festa. Ndikufuna mbuzi ziwiri mwa za Habiba."

"Habiba ali kuti?"

"Ali kumunda. Wandituma."

"Wakutumani? Mwana kutuma bambo ake? Kwanuko zinthu zapita patsogolo."

"Ine ndine bambo ake. Ndinenso wapampando."

"Eya, onse awiriwo ndawaona, akhale pampandopo. Koma lamulo silinatchule bambo, silinatchule wapampando. Linati mwana. Ndikukumbukira bwino chifukwa tsiku lomwe munalinena munamenya tebulo mpaka kofiya kugwera mu tiyi."

"Lamulo tinapangira anthu osamvetsa zinthu, achemwali. Ine ndimamvetsa."

Agogo Natália anaponya chinangwa m'beseni, madzi n'kuthovukira pa nsapato za wapampando.

"Chaka cha njala chija, mwana wanga Frackson anabwera kwanu kudzapempha mbuzi imodzi ya Ivo kuti tigule chimanga. Munamuyankha chiyani?"

A Athumani anagwira ndevu.

"Munamupatsa chimanga cha m'nkhokwe yanu, mbuzi munakaniza. Tinakunenani kuno mpaka pakamwa kuuma. Lero Ivo akupita kusukulu atavala nsapato. Inenso ndikubwezerani chimodzimodzi. Nkhuku izo, gwirani ziwiri zomwe mwazikonda. Mbuzi ayi."

Nkhukuzo anazisiya. Wapampando sangayende m'mudzi atapanira nkhuku m'khwapa.

Pobwerera anakumana ndi Habiba akuchokera kumunda, khasu lili paphewa. Anali mtsikana wolankhula mofatsa, wokonda kufunsa mafunso aafupi omwe aphunzitsi ake ku Mandimba ankawayankha akutuluka thukuta.

"Mwana wanga, upite kwa agogo ukatenge mbuzi ziwiri."

"Chabwino, baba. Ndikanene kuti zikukagula chiyani?"

"Ukanene kuti ndi za maphunziro."

"Maphunziro a ndani?"

"A mudzi wonse. Alendo akadya bwino adzatikumbukira."

"Ndiye ndikati zikukagula kukumbukiridwa? Ndipita, baba. Kungoti agogo aja amaseka mokweza. Adzamveka mpaka kumzikiti."

"Basi, siya! Pita ukathandize mayi ako."

Masiku otsatirawo a Athumani anawathera pansi pa mango, akuyeserera mawu awo a pafesta pamaso pa Bwana Mkubwa. "Kuyambira m'chikuta mpaka ku koleji!" ankatero akukweza chala, nkhosayo n'kumabzikula movomereza. Habiba ankachapa ndi kusita timalaya take ta ulendo. Rajabo anadutsa kawiri, ulendo wachiwiri n'kusiya paketi ya shuga, yomwe mayi Mariamu anaiika pamwamba pa kabati osaitsegula.

Madzulo a tsiku loti mawa lake ndi festa, dzuwa lisanalowe, mayi Mariamu anaona amuna awo akutuluka m'khola akukoka mbuzi yamawanga. Anaimangirira pa mtengo wa mbawa pomwe ankaphera ziweto.

"Imeneyo ndi ya Ivo."

"Ndikudziwa. Khalani pansi ndikuphunzitseni kuganiza. Ya Ivo ili m'khola langa. Ndipha ya Ivo. Agogo akadandaula, atenge imodzi ya Habiba ikhale ya Ivo. Kodi pamenepo pali mbuzi ya Habiba yomwe yatuluka m'khola popanda Habiba? Palibe. Yangosintha mwini ili momwemo. Lamulo silinathyoke."

"Nanga ya Ivoyo yatuluka ndi Ivo?"

A Athumani analimbitsa mfundo ya chingwe.

"Iyi sikutuluka. Ikufera pakhomo pompano."

"Bambo a Habiba, mutu umenewu mukanaugwiritsa ntchito kumunda bwenzi tili ndi thirakitala."

Chomwe wapampando anaiwala n'chakuti njira ya kumjigo imadutsa pafupi ndi mbawayo, ndipo ku Namikoko mayi aliyense amadziwa mbuzi ya mwana aliyense monga adziwira nsalu ya kapulana ya mnzake. Zidebe zisanadzaze, nkhani inali itafika kumapeto kwa mudzi.

Kutacha, a Athumani akunola mpeni pamwala, anamva kulira kwa mbuzi kumsewu. Agogo Natália analowa pabwalo atagwira kamtengo, patsogolo pawo pali gulu lonse la mbuzi za Habiba, ndi tiana tomwe.

"Nazi za mwana wanu," anatero. "Zonse. Munkafuna ziwiri, ndakupatsani khola lathunthu. Tsegulani ndituluke ndi za mdzukulu wanga."

"Achemwali, nanga lamulo?"

"Lamulo ndalipeza lomangidwa pamtengo apo, likudikira mpeni."

Asanayankhe, kumsewu kunabuka fumbi. Kassimu, mlamu wa a Athumani, anali atakatenga za ana ake amapasa kwa mayi Amélia. Mayi Amélia, poona khola lawo lapululuka, anakatenga za mwana wawo kwa Frackson. Frackson anathamangira kwina. Tcheni chomwe chinalumikizidwa kuyambira chaka chomwe Habiba anabadwa chinamasuka m'mawa umodzi, tiyi asanapse. Mbuzi zinadzaza msewu, zina zikukana kupita kwa eni ake chifukwa sizinkawadziwa. Ndipo poti bwalo la wapampando ndi lomwe linakonzedwa kuti pakhale festa, onse anathera pomwepo.

"A pulezidenti, zikomo kwambiri," Kassimu anatero akupukuta thukuta. "Ine njinga yanga yakhala yopanda matayala kuyambira nthawi yokolola. Ndinkangoopa inu."

"Amapasawo ayamba sukulu chaka chamawa, Kassimu."

"Adzayamba, Mulungu akalola. Matayala ndi a lero."

Kenako kunamveka njinga yamoto. Rajabo anatsika atamangirira madengu awiri akuluakulu kumbuyo.

"Salaam aleikum, baba. Ndamva kuti makola atseguka. Kutsidya kwa malire mbuzi zikusowa kwambiri mwezi uno." Asanamalize n'komwe moni anali atawerama kale, akutsina msana wa mbuzi ya amapasa. Atachoka apo anapita pa za Habiba, akuziyang'ana mano. Habiba mwiniwakeyo anali chiimire pafupi, koma iye sanamuone.

"Mkamwini wanu amadziwa kusankha," mayi Mariamu ananong'oneza amuna awo. "Wayamba ndi zonenepa."

Apo Habiba anatola mpeni womwe bambo ake anausiya pamwala, n'kuwapatsa ndi manja awiri, atagwada pang'ono mwaulemu.

"Baba, zabwera zokha. Tsopano simukusowanso kundituma. Mungosankha. Koma ndikuuzeni mayina awo kaye, chifukwa kwa agogo ndinazitcha mayina." Anagwira khutu la mbuzi yofiira. "Iyi ndi Matiresi. Mukapha iyi palibe vuto, ndidzagona pa simenti, ndine mwana. Yakudayi ndi Chapa. Ku Cuamba ndi kutali, koma miyendo ndili nayo. Ziwiri izi ndi Chaka Choyamba, zimayendera limodzi, musazilekanitse. Iyo ili ndi bereyo ndi Chaka Chomaliza."

"Nanga yokalamba iyo?" anafunsa Kassimu, yemwe nkhani iliyonse amafuna aimve mpaka kumapeto.

"Imeneyo ndi mdzukulu wa msoti womwe baba anandipatsa ndili ndi sabata imodzi. Agogo amati baba anaunyamula okha paphewa, mvula ikugwa, anthu akuwaseka kuti akupatsa mbuzi mwana wamkazi. Sindinaitche dzina. Ndinkati adzaitche ndi baba."

Mbuzi yokalambayo inkatafuna ngodya ya nsalu ya patebulo la alendo. A Athumani anayang'ana mpeni, anayang'ana mwana wawo, anayang'ana amapasa a Kassimu atakakamira khosi la mbuzi yawo yomwe Rajabo anali ataiyeza kale ndi maso. Chilichonse chomwe ankafuna chinali pabwalo pawo: mbuzi, mpeni, mkamwini. Sanamvepo kusauka ngati mmene anamvera nthawi imeneyo.

Ndipo galimoto ya boma, yomwe m'mbiri ya mudziwo sinafikepo pa nthawi yake, tsiku limenelo inafika pa nthawi yake.

Dona Célia anatsika akuomba m'manja, wojambula ali pambuyo.

"Koma abale, zokongola bwanji! Mwachita kutikonzera chionetsero! Jambula, jambula zonse! Bambo wapampando, tafotokozani. Mbuzi zonsezi zikupita kuti?"

A Athumani anabisa mpeni kumbuyo. Mawu onse omwe anayeserera pamaso pa nkhosa anali atathawa. Mudzi wonse unawayang'ana. Agogo Natália anatsamira kamtengo kawo ngati munthu woti sakufulumira.

"Zabwera..." anayamba, n'kutsokomola. "Zabwera kudzatsanzikana ndi Habiba. Uyu apa. Mwana woyamba wa bungwe. Akupita ku Cuamba kukaphunzira ulimi."

"Ndi mwana wa ndani?"

"Wanga." Mawuwa anatuluka mokweza kuposa mmene anafunira. "Wanga ine. Ndipo zikatsanzikana, iliyonse ibwerera kukhola komwe yachokera. Komwe yachokera, Kassimu, osati komwe anabadwira mwini wake. Chifukwa kholo likamva njala, dona, limaiwala kuti mbuzi ndi ya mwana."

"Zoona? Munaonapo kholo lotero?"

"Ndinaonapo limodzi," a Athumani anatero. "Lovala kofiya yabwino ndithu."

Anthu anaseka, dona Célia naye anaseka osadziwa chomwe akuseka. A Athumani anapita pa mbawa, anamasula mbuzi yamawanga ija, n'kupereka chingwe kwa agogo Natália. Agogowo anapinda manja.

"Mukundipatsa ine? Kwanga si kwawo. Khola lake ndi ilo."

"Mukundikhulupirirabe, achemwali?"

"Inu ayi. Ndikukhulupirira njira ya kumjigo."

Wapampando anailowetsa yekha m'khola n'kutseka ndi mitengo iwiri. Kassimu anadandaula za matayala, koma mkazi wake anali atayamba kale kuthamangitsira mbuzi kwa mayi Amélia. Rajabo anaimirira kanthawi ndi madengu ake opanda kanthu. Poliza njinga, mayi Mariamu anamuthamangira ndi paketi ya shuga ija.

"Mwanawe, unaiwala katundu wako tsiku lija."

Atabwerera anaima pafupi ndi amuna awo, n'kulankhula mokoma ngati mkwatibwi.

"Bambo a Habiba, mpunga wapsa. Nanga alendowa adya chiyani, chigwada?"

A Athumani anayang'ana pansi pa mango. Bwana Mkubwa anali chigonere, woyera bwino chifukwa dzulo lake linali Lachinayi. Anapita pomwepo, anaisisita pamutu, anainong'oneza kanthu komwe palibe anamva. Kenako anapereka mpeni kwa mlamu wawo.

"Kassimu, utchule dzina la Mulungu bwinobwino, ndipo usachedwetse. Chikopa usachibowole. Ine ndikaonetse alendo mjigo."

Anawaonetsa mjigo, anawaonetsa sukulu, anawaonetsa ngakhale dimba la fodya lomwe silinkakhudzana ndi bungwe. Pa chakudya dona Célia ananena kuti sanadyepo nyama yofewa choncho, ndipo anafunsa chinsinsi chake.

"Sopo," anatero mayi Mariamu.

Wapampando tsiku limenelo anadya mpunga ndi chigwada. Anati mano akuwavuta.

Patapita masabata awiri, Habiba anapita yekha kwa agogo Natália, n'kunena ndi pakamwa pake chomwe mbuzi iliyonse ikukagula. Matiresi, Chapa ndi Chaka Choyamba zinapita kumsika wa ku Mandimba. Zotsalazo zinatsala kudikira nthawi yawo, ndipo kamsoti kamodzi anakasiyira bungwe, ka mwana yemwe adzabadwe.

Pokwerera chapa ya ku Cuamba, a Athumani anakangana ndi wothandiza dalaivala za mmene amangire matiresi padenga, mpaka anakwera okha kukamanga. Atatsika anamasula kamtolo komwe kanali kumbuyo kwa njinga yawo n'kumupatsa Habiba. Munali chikopa cha nkhosa, chofufutidwa bwino, choyera, chikununkhirabe sopo.

"Uziswalirapo pa nthawi ya mapemphero," anatero akuyang'ana kumbali. "Simenti ya kumeneko imazizira."

"Zikomo, baba." Habiba anachikumbatira. "Nanga yokalamba ija? Simunaitchebe dzina."

"Ndaitcha. Ndi Wapampando. Izikhala kwa agogo konko, aziyang'anira."

Chapa inanyamuka. Mayi Mariamu anapukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana, n'kuona kuti amuna awo akukoka ndevu.

"Mukubisanso chiyani?"

"Palibe. Ndikungoganiza," a Athumani anatero, maso ali pa fumbi la chapa. "M'banja lathu lonse, oyamba kufika ku koleji ndi mtsikana ndi nkhosa."